Ulusi Wopanda Ubweya

Achimwene anga anagwira ntchito moyo wawo wonse pa fakitale ya mabatani, koma sanapangepo batani ngakhale limodzi. Ntchito yawo inali yokana. Ankakhala kumapeto kwa mzere ndi kagalasi kokulitsa zinthu, n'kumatola batani, kulipinda, kulimenya mpaka liphwanyike, kenako n'kulamula kuti katoni yonse ibwerere. Atapuma pa ntchito, khalidwelo anabwera nalo kunyumba. Supuni, mipando, ngakhale alendo, zonse ankazipezera chilema.

Alamu anga atamwalira anasiya mwana mmodzi wamkazi, makina osokera ndi sutikesi yodzaza madiresi. Mwanayo ndi namwino. Atapeza ntchito ku chipatala chakutali, kumene amati kumazizira mpaka mano kugundana, anapempha chinthu chimodzi chokha: madiresi a mayi ake adulidwe n'kusokedwa chofunda cha zigamba, chokhala ndi thonje pakati, kuti azikafunda kumeneko. Ine ndinati tipereke kwa telala wa pakona. Achimwene anandiyang'ana ngati ndanena kuti tikawataye kudzala.

"Telala uja? Iwe chemwali, unauonapo ulusi wake? Ubweya wokhawokha ngati mphaka. Nsalu za mkazi wanga ndisoka ndekha."

"Inu achimwene, munasokapo chiyani chibadwire?"

"Kusoka n'kosavuta. Chovuta n'kusankha."

Chowawa n'chakuti zimene anaphunzirazo zinali zoona. Ndinazimva ndisakufuna, tsiku lililonse ndikapita kukawaona. Ulusi wotchipa uli ndi ubweya, ndipo ukamadutsa pa diso la singano ubweyawo umathothoka n'kukaunjikana pansi pamene pamakhala bobini, kokulungirapo ulusi wapansi kaja, mpaka makina amayamba kudumphadumpha. Ulusi wonenepa pa singano yaing'ono umanyotsoka n'kuduka. Singano yaikulu ndi ulusi woonda imasiya mabowo, thonje lamkati n'kumasuzumira kunja. Ankafotokoza zimenezi tiyi akuzizira m'kapu, ine n'kumagwedeza mutu ngati munthu wogwidwa ndi mlaliki m'basi.

Kusitolo ya ulusi anakhala mlendo wolemekezeka. Tsiku lina ndinawaperekeza. Mayi wa sitoloyo atangowaona anatulutsa mpando n'kuupukuta ndi mpango wake.

"Abwana afika! Awa ndiye amaudziwa ulusi, mayi, osati ife ongogulitsa."

Achimwene anatukumuka. Ankakoka ulusi n'kuuimika pa zenera kuti dzuwa liulule ubweya wake, n'kuukana, koma n'kuugulabe kuti akatsimikizire kunyumba kuti ndi woipadi. Singano anatenga za nambala 70, 80, 90 ndi 100, zakuthwa ndi zobuntha nsonga. Mayi uja anatiperekeza mpaka pakhomo akuwafunira moyo wautali, ndipo sindikukayika kuti ankanena zochokera pansi pa mtima.

Masabata anapita. Chipinda chosokeramo anachiikira loko, ati mwana adzaone chinthu chitatha. Makina ankamveka akulira pang'ono n'kusiya, kulira pang'ono n'kusiya. Tsiku lina ndinapeza chitseko chili pululu, ndinalowa. Pa tebulo panali tizigamba tating'ono ngati chikhatho, tondandalikidwa m'mizere ngati asilikali. Kalikonse kanali ndi thonje pakati, kosokedwa mizere ingapo, ndipo kalikonse kanali kong'ambika. Kena ndinakazindikira nthawi yomweyo. Kanali ka diresi lobiriwira limene alamu anavala tsiku limene mwana anamaliza sukulu ya unamwino.

"Achimwene! Mukuyesera singano pa madiresi a malemu?"

"Nanga ndiyesere pa chiyani?"

"Pa sanza! M'nyumba muno mwatha sanza?"

Anandiseka, kuseka kwa munthu womvera chisoni mbuli. Ati kuyesera pa nsalu ina n'kudzinamiza, chifukwa nsalu iliyonse ili ndi mtima wake. Diresi lililonse liyenera kukumana ndi ulusi uliwonse, ulusi uliwonse ukumane ndi singano iliyonse. Ukatero uzikoka chigambacho mpaka ching'ambike, kuti udziwe ngati wayamba kugonja ndi msoko kapena nsalu.

"Ndikungodulako pang'ono, kumpendero," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndionetsetse anathetsa nkhosa, achimwene."

Anandikankhira kunja mwaulemu n'kutseka loko.

Mtima unandipsa, moti ndinakamudikira mwanayo pa geti akuchokera kuntchito yake yakale, poti anali asananyamuke. Ndinamuuza kuti bambo ake ayamba kudula madiresi n'kumayeserapo singano. Iye anamwetulira, maso ali ofiira ndi kutopa.

"Asiyeni azakhali. Chimwalirire amayi, ndi koyamba kuwamva akuimba mluzu. Madiresi aja ndi ambiri, mpendero wokha siungawathe."

Ndinati andipatse mphamvu ndithyole lokoyo, koma anakana. Mwanayu anatengera mayi ake, kukhulupirira munthu ameneyu mopanda malire.

Tsiku la ulendo linafika. M'mawa zikwama zinali pakhomo, woyendetsa takisi akuimba hutala panja. Achimwene anatuluka kuchipinda atavala tayi, n'kutiitana tonse awiri kuti tilowe. Nkhope yawo inali kuwala ngati ya munthu wobadwitsa mwana wamwamuna.

"Wapezeka," anatero.

Anatsegula pansi pa makina, n'kupukutapo ndi kansalu koyera, n'kutionetsa. Panalibe kaubweya ngakhale kamodzi. Ati ndi ulusi wa thonje wosalala, woonda, ndipo mnzake weniweni ndi singano yakuthwa ya nambala 80. Kenako anatambasula kachigamba kamodzi pa dzanja. Ndisaname, msoko wake unali wokongola, wowongoka, wopanda bowo looneka.

"Zikomo bambo," mwana anatero. "Nanga chofunda?"

"Tsopano ndiye nditha kuyamba. Ndidzakutumizira."

Mwanayo anapita pakona n'kutsegula sutikesi ya mayi ake. Ine ndinali kumbuyo kwake, ndinaona zonse. Munali makolala, mazipi, malamba awiri ndi manja a diresi limodzi. Mpendero uja unali utakwera mpaka m'khosi.

Pansi pa tebulo panali katoni yodzaza tizigamba toyeserapo tija, tong'ambika, tobowokabowoka, thonje likutuluka m'mbali. Mwana anagwada n'kuyamba kutola kamodzikamodzi. Ankakawongola pa bondo n'kukaika m'thumba la pilo. Sanalire, ndipo ine ndikanakonda akanalira. Hutala inalirabe panja.

"Mwanangu, zimenezo n'zolephera," achimwene anatero. "Zina ndi za ulusi waubweya, zina singano inakula. Usapite nazo kwa anthu, angaone ngati bambo ako sadziwa kusoka. Chabwino ndi ichi."

Anamutambasulira kachigamba kawo kokongola kaja. Mwana anamanga thumba lake, n'kuimirira.

"Chabwinocho sungani ndinu, bambo. Ine nditenga amayi anga olepherawa."

Anandikumbatira ine, n'kuwagwira bambo ake paphewa pang'ono chabe, n'kutuluka. Thumbalo sanalole kuti liikidwe kumbuyo ndi zikwama. Analowa nalo m'galimoto atalifungatira.

Tinabwerera m'nyumba awiriwiri. Mawu ndinali nawo, odzaza pakamwa, ena ndinawakonza kalekale. Achimwene anakhala pa mpando wa makina, tayi ili m'khosi, atazunguliridwa ndi ulusi wokwanira kusoka tenti ya msonkhano. Anayang'ana m'sutikesi, anayang'ana m'katoni yopanda kanthu, kenako kachigamba kamene kanali m'dzanja lawo. Kanali kabuluu, ka timadontho toyera.

"Chemwali," anatero chapansipansi, "kodi aka kanachokera pa diresi liti?"

"Simukulidziwa?"

"Ndimayang'ana msoko."

"Ndi lija alamu anavala tsiku limene munabwera nawo kwathu koyamba kudzationetsa. Linali lalitali, munkaliponda pokwera masitepe, iwo n'kumakusekani."

Anakatembenuza kachigambako uku ndi uku. Anafunsa ngati pangakhale patatsalako kena ka diresi lomwelo, kokulirapo pang'ono. Ndinawauza kuti zonse zapita ndi mwana.