Diso Lachiwiri

Kabungwe kawo kanali ndi lamulo limene Chigamba ankalinyadira: chilichonse chomwe wantchito walemba posintha pulogalamu yawo yotumizirana mauthenga sichinkalowa mpaka mnzake atachiwerenga n'kuvomereza. Pulogalamuyo inali yaulere. Makampani onona ankaitenga n'kumathokoza ndi pakamwa, ngati kuti zikomoyo amalipira lendi.

Thandizo la ndalama litauma, abwana anachotsa ntchito mkulu yemwe onse ankamutcha Achimwene, amene anaphunzitsa Chigamba ntchitoyi. Anasiya Chigamba, wotchipa. Ndiye tsoka lake, masana omwewo Chigamba anapeza bowo mu pulogalamu, loti wochenjera akanatha kuwerenga mauthenga a eni ake. Mlongo wake, yemwe anathawa mwamuna wankhanza, ankauza abale komwe akubisala kudzera momwemo.

Analemba mofulumira chigamba chake chotsekera bowolo. Kompyuta inakana kuchilandira, inkadikira munthu wachiwiri.

"Lichotseni lamulolo, lero lokha," anatero abwana ataima kumbuyo kwake. "Mphamvu muli nazo."

"Nanga ndikalakwitsa aone ndani?"

"Ndiye mukufuna ndikabe kuti ndalama za anthu awiri?"

Pakona, Achimwene ankalongedza kapu, mahedifoni ndi kafani kawo m'katoni, mosafulumira, ngati palibe chikuchitika. Chigamba anachita manyazi, komabe anadzuka n'kupita kwa iwo.

"Achimwene, mundionereko. Ndi bowo lalikulu."

"Ine ndine mlendo pano, mphwanga. Afunse abwana akowo."

"Mlongo wanga ali momwemo."

Mkuluyo anakoka mpando, katoni ili pamiyendo, n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Abwana ankangozungulirazungulira pa kapeti wong'ambika, foni ili m'manja, osaimbira aliyense.

"Apa," anatero Achimwene akuloza. "Watseka chitseko koma zenera wasiya pululu. Wochenjera alowerabe kudzera pa mafoni akale."

Chigamba anakonza, mkuluyo anawerenganso, n'kuvomereza. Chigambacho chinalowa, ndipo abwana anakhala pansi koyamba tsikulo.

"Kwatsala chimodzi," anatero Achimwene. "Wochoka sasiya dzina pa mndandanda wa ovomereza. Lemba zondichotsa."

"Zidikire kaye, mwina thandizo lina..."

"Lemba. Nazonso zimafuna anthu awiri, ndipo mawa sundipeza."

Chigamba analemba, misozi ili m'maso. Unali mzere umodzi wokha, koma Achimwene anauwerenga mosamala monga ankachitira nthawi zonse.

"Palibe cholakwika," anatero.

Anavomereza, ananyamula katoni yawo, n'kutuluka.