Makatani a Galimoto ya Thonje

Galimoto ija sinali ya Damiano, musamve za anthu. Inali ya mzungu wa kampani yogula thonje, Damiano anali dalaivala chabe, ngakhale kuti mukanamuona pamsika wa thonje ku Chapananga mukanati mwini ndi iyeyo. M'chaka chimenecho cha 1926 magalimoto kuchigwa kuno anali owerengeka, moti ana ankalithamangira fumbi lawo mpaka kutha mpweya.

Koma kuidziwa ankaidziwa, bodza n'loipa. Patsogolo pa chiwongolero panali kasingano kosonyeza ngati magetsi akulowa, ndi kachitsulo kokoka poliza injini m'mawa. Pamphuno pa galimoto panali kagalasi ka mzere wofiira, mzerewo ukakwera ankaima n'kuthira madzi. Galasi lakutsogolo linkapendekeka ukamasula timanati ta m'mbali, mphepo n'kumalowa mpaka kumbuyo. Kumapazi kunalinso kachitseko ka mphepo, poti injini inkaotcha miyendo. Makatani a tenti omata ndi mabatani anali a mvula basi, mwezi wa Okutobala ankangokhala opindapinda pansi pa mpando.

Mwezi womwewo mkazi wake Filomena anabereka mwana wawo woyamba, wamwamuna. Mwana anali bwinobwino, kuyamwa ankayamwa, kulira ankalira. Wodwala anali mayi, thupi moto, magazi osaleka. Azamba atagwira njakata, Damiano anakagwada kwa mzungu wake, amene anali gone ndi malungo, kupempha galimoto kuti athamangire kuchipatala cha ku boma ku Chikwawa. Mzunguyo anangokupiza dzanja kuti tenga, ubwere nayo mawa, mipando usaiwononge.

Tsono vuto linali apa. Mchombo wa mwana unali usanagwe, ndiye kuti anali adakali m'chikuta. Mwana wa m'chikuta satuluka panja, saombedwa mphepo, ndipo bambo wake samuona. Kumusiya sakanatha, akanayamwa chiyani? Womunyamula anali amake Filomena, ndipo Damiano pamudzipo anali mkamwini. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, salankhulana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Chikwatirireni, mawu awo onse ankadzera kwa Filomena.

Amayi a pamudzi anagwirizana kuti ngati mwana atuluke m'chikuta, galimotoyo ndiyo ikhale chikuta. Anatuma mayi wina kukauza Damiano kuti amate makatani onse. Iye anati kunjaku kwatentha, makataniwa ndi a mvula. Mayiyo anamufunsa kuti kodi iyeyo wabereka ana angati. Anamata. Kenaka amayi aja anamangirira nsalu yakuda kuseri kwa mpando wake, kuchokera kudenga mpaka pansi, kuti maso ake asagwere pa apongozi kapena pa mwana. Pampando wachikopa wakumbuyo anayalapo mphasa ndi zisanza. Damiano anaima choyang'ana kumtengo mpaka onse atalowa.

Ananyamuka dzuwa litakwera kale, poti zokambirana zinadya m'mawa wonse. Inu amene simunafikeko kuchigwa mwezi umenewo, dzuwa la kuno silicheza ndi munthu. Denga la tenti linali lakuda, pansi injini ikuotcha, m'mbali monse motseka. Asanapite patali malaya a Damiano anali atamatirira kumsana. Anamasula timanati tija n'kupendeketsa galasi pang'ono, kamphepo kanalowa, nsalu yakuda ija n'kuyamba kukupiza. Nthawi yomweyo anamva apongozi akuuza Filomena kuti awauze amuna ake atseke mphepoyo, ilowa mwana paliwombo. Filomena anabwereza mawuwo motsitsa, ngati munthu wolankhula kutulo. Damiano anatseka.

Atayendako anakankha ndi phazi kachitseko kakumapazi kaja, poganiza kuti iko sakamva. Fumbi linawaululira. Mawu anabweranso, anatsekanso.

Mwana ankalira. Damiano ankamvetsera kulirako, poti china chimene ankachidziwa cha mwana wakeyo panalibe. Poyamba kunali kwamphamvu, kwaukali. Kenaka kunayamba kudukaduka. Iye maso anali pamsewu ndi pakagalasi ka pamphuno kaja, ndipo mzere wofiira unkangokwera.

Pa mtsinje wa Mwanza, umene nthawi imeneyo umakhala mchenga wokhawokha, mzere unafika pamwamba. Anaima pansi pa mtondo, n'kudikira injini ipume, n'kuithira madzi a m'chitini. Atamaliza anaima pambali pa galimoto. Mabatani a katani yakumbuyo anali pomwepo, pafupi ndi dzanja lake. Anagwira tenti ija, inali yotentha ngati chiwaya. Anayang'ana kumbali n'kulankhula mokweza pang'ono.

"Filomena, uwauze amayi kuti ndimasuleko katani imodzi, pang'ono pokha."

Apongozi ndiwo anayankha, osati kwa iye, koma ngati akuuza mtengo.

"Filomena wagona. Mwananso wagona, ndamufunditsa bwino."

Damiano anaika chitini cha madzi otsala pachopondera n'kutembenuka. Anamva chitseko chikutseguka pang'ono, chitini chikukokedwa, chitseko n'kutsekedwanso msanga. Mtima wake unakhalako pansi kuti mwana wagona. Anapukusa injini, ulendo unapitirira, ndipo kumbuyo sikunamvekenso kanthu mpaka ku boma.

Pachipatala anatembenukiranso kumbali pamene ankawatulutsa. Anakhala pachopondera. Dzuwa litapendeka kunatuluka bambo wothandiza dokotala, n'kumuuza kuti mkazi wake wakomoka chabe, magazi awaletsa, achira. Za mwana anati wafika atatsirizika kale. Anati anamupeza m'nsalu ndi m'bulangete, thupi louma, ndipo anafunsa kuti ndani anatseka galimoto chonchi dzuwa limeneli. Damiano anati ndi iyeyo. Bamboyo anamuyang'ana, n'kubwerera mkati.

Ine nkhaniyi imandikwiyitsa mpaka lero, koma womukwiyira sindimupeza. Amake Filomena ankateteza mdzukulu wawo monga anawaphunzitsira amayi awo. Damiano ankalemekeza apongozi monga anamulangira atsibweni ake. Anthu onse pamudzipo akanamva kuti wang'amba nsalu ija n'kuyang'anitsitsa apongozi ake, akanati wapenga.

Damiano kulira sanalire. Mwana wa m'chikuta salilidwa maliro, amayi okha ndiwo amakamuika, amuna sapitako. Madzulo omwewo apongozi anapeza amayi awiri a pafupi ndi chipatala, anatsetserekera naye kudambo atamukulunga m'kansalu. Damiano anawaona kumsana.

Anadzuka n'kuyamba kumasula makatani, batani limodzilimodzi, n'kuwapinda monga ankachitira masiku onse. Anachotsa nsalu yakuda. Anatulutsa mphasa ndi zisanza n'kuzisiya pansi pa mtengo. Magazi anali atadutsa mphasa n'kulowa m'misoko ya chikopa, choncho anapempha madzi ndi sopo, anakulunga kansanza kukamtengo, n'kumatsuka msoko uliwonse mpaka kansanzako katasiya kufiira. Chikopa chitauma anachipaka phula la njuchi n'kuchipukuta. Anasesa fumbi pansi, anapukuta galasi ndi kasingano kaja. Manja ankagwira okha ntchito, m'mutu munalibe kanthu. M'mawa anabweza galimoto. Mzungu anayendetsa dzanja pampando wakumbuyo, n'kunena kuti wausamala bwino.

Patapita masiku Damiano anapitanso ku boma, ulendo uno wapansi. Apongozi atamuonera patali anadzuka n'kuzungulira kuseri kwa chipatala. Anapeza Filomena atakhala pamphasa pakhonde, woonda, mkaka utanyowetsa nsalu pachifuwa. Anakamba za mbuzi, za mapira otsala m'nkhokwe, za mvula imene inkachedwa. Kenaka Damiano anayang'ana pabwalo.

"Kodi mwana uja anafanana ndi ndani?" anafunsa Damiano.

Filomena anapukusa mutu.

"Sindikudziwa. M'chikuta munali mdima, ine mutu sunkagwira. M'galimoto namonso munali mdima." Anakonza nsalu yake. "Amene anamuona bwino ndi amayi."

Damiano anayang'ana kukona ya chipatala. Mapazi a apongozi ake ankaonekera pansi pa mpanda, ataima, akudikira kuti iye achoke.