Khanda la m'Buku la Manda

Wosema miyala ya pamanda anamupatsa Chiwiri pepala ndi pensulo. "Lembani zimene mukufuna, mayi, koma zikhale zoona. Pamwala sitifufuta."

Chiwiri sankafuna zambiri. Pamwamba dzina la mwana wake wamkazi, amene anamwalira miyezi inayi yapitayo ali ndi zaka zitatu. Pansi pake dzina la iyeyo, la amayi ake ndi la agogo ake, kuti mwana asagone ngati wopanda kwawo. Zaka za agogo ndiye sankazidziwa, ndipo atafunsa amayi ake anangoti, "Zakumanda zisiye, iwe." Ndi amayi omwewa amene tsiku la maliro a mdzukulu wawo anatsala kunyumba n'kumatsuka makapu oyerayera kale. Chiwiri anali asanawakhululukire. Tsiku loika mwala ankafuna amayiwo adzaime pamandapo, afune asafune.

Choncho anapempha kuweruka masana kuntchito n'kupita ku ofesi ya manda kukafunsa zaka za agogowo. Kalaliki wake anali mdala wa magalasi omanga ndi ulusi. Anatsitsa chibuku pashelefu, fumbi n'kuti fuu.

"Anthu anga awa ndi abwino," anatero akunyowetsa chala ndi malovu. "Zaka makumi atatu, palibe amene anabwerako kudzadandaula."

Chiwiri sanaseke. Miyendo inkamuwawa.

"Eya, dzina la banja lanu nali. Koma lili pawiri. Mukufuna wamkuluyu kapena khandali?"

"Khanda liti?"

Mdalayo anatembenuza buku. Mwana wamkazi, masiku asanu ndi limodzi, wopanda dzina. Mzere wa 14, manda a nambala 9. Pamalo olemba mayi wa mwana panali dzina la amayi a Chiwiri, lonse bwinobwino. Chaka chake, zaka ziwiri iye asanabadwe.

"Mwalakwitsa. Ine ndine woyamba kubadwa."

"Ine ndimalakwitsa kukwatira basi, mayi. Bukuli ayi."

Woyamba kubadwa, koma aliyense ankamuitana Chiwiri kuyambira ali kumsana. Ankamuuza kuti n'chifukwa anabadwa Lachiwiri. Anatulutsa foni n'kubweza kalendala mpaka tsiku lake lobadwa.

Linali Lachisanu.

Anakhala pabenchi osadziwa kuti wakhala. Mdala uja anasiya nthabwala, analemba nambala ija pakapepala n'kumufumbatitsa. Za agogo Chiwiri anachoka osafunsanso.

Anawapeza amayi ake akusita pakhonde.

"Amayi, ndinabadwa tsiku lanji?"

"Wayamba misala? Lachiwiri."

"Lachisanu. Wachiwiri kwa ndani, amayi?"

Simbi inaima pamalaya. Inakhala pomwepo mpaka fungo la nsalu yopsa linamveka, Chiwiri n'kuichotsa yekha.

"Wakuuza ndani?"

"Buku. Zaka zonsezi mumanditchula ndi mwana wakufa, ine n'kumayankha kuti wawa! Wanga atamwalira munandiyang'ana ngati ndaswa mbale. Inu mukudziwa mmene zimawawira, osandigwirako ngakhale dzanja?"

Amayi ake anakhala pansi penipeni, pasimenti, chinthu chimene sankachita chifukwa cha mawondo.

"Ndikanakugwira ndi chiyani? Iwe unamusambitsa wako. Unamuveka diresi, unaona pamene anamuika." Mawu ankatuluka ouma ngati akuwerenga za munthu wina. "Ine ndinali ndidakali m'chipatala, ndikutentha thupi. Apongozi anga anabwera, anamukulunga m'thaulo n'kutuluka naye. Anati usalire, ubereka wina. Bambo ako mpaka kufa kwawo sanamutchulepo. Nditafunsa kumene anamuika, apongoziwo anati kamwana kotero sikakhala ndi manda."

"Ndiye simudziwa?"

"Ndidziwa bwanji? Ndikalowa kumanda kuja ndimaopa kuponda. Paliponse ndimati mwina ndi apa."

Ukali umene Chiwiri anausunga miyezi inayi unasowa pogwira. Anatambasula dzanja. Kapepala kaja kanali katanyowa ndi thukuta, koma nambala inkaoneka.

"Mzere wa 14, manda a nambala 9."

Amayi ake anakayang'ana kapepalako osakakhudza. "Analembedwa? M'buku?"

"Ndi dzina lanu pambali pake."

"Ndani anakamulembetsa?"

"Sindikudziwa, amayi. Winawake."

Amayi ake anagwira mwendo wa tebulo, akuyesa kudzuka, Chiwiri n'kuwakoka mkono.

"Amatseka geti nthawi yanji?"

"Faifi."

"Nanga waimiranji? Zimitsa simbiyo, undipezere nsapato. Tikayambire kwa mdzukulu wanga, wandidikira mokwanira. Kwinako ukandigwire, mwina ndikagwa."