Tizingwe ta Pansi pa Ng'oma

Whiteson Tembo anafika kumudzi wa Chanyanya kudzatenga ng'oma yake, akuimba mluzu panjinga. Pasanathe mphindi zisanu, anali akukalipa.

Ng'omayo inali ya malemu bambo ake, amene ankaimba m'bandi ya asilikali nthawi ya atsamunda. Inali yaifupi, yamkuwa, ndipo pansi pake panali tizingwe tisanu ndi titatu toiliritsa mothetheka ngati matalala pamalata. Makoswe anali atadya chikopa cha pamwamba. Loweruka likubweralo, fakitale imene Whiteson ankagwirako ntchito inkasankha anthu a bandi yodzaguba pa tsiku lokumbukira ufulu, ndipo malo a ng'oma yaing'ono anali amodzi okha. Ndiye anaipereka kwa ba Lastone, msodzi wotchuka posema ng'oma, kuti aikonze.

"Ba Lastone, ichi n'chani?"

"Chikumba cha ng'ombe, mwana wanga. Chija chinali monga pepala."

Pakati pake anali atamatapo phula lakuda, ngati ng'oma ya gule. Whiteson anaitembenuza.

"Nanga ntambo za pansi?"

"Ndiye matenda yake yaja! Ukamenya, zrrr, zrrr, monga poto yong'ambika. Ninachosa."

"Zili kuti?"

Mkuluyo analoza kumtsinje. "Ninamangila miono. Zolimba bwino."

"Ng'oma iyi inayenda ku nkhondo ku Burma, inabwela na ntambo zonse! Kwa imwe masiku yanayi chabe!"

"Menya umvele. Manje ikamba monga mwamuna."

Loweruka, pamaso pa ba Evaristo, mkulu wa bandi, Whiteson anayamba kaimbidwe kothamanga kamene bambo ake anamuphunzitsa kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Chomwe chinatuluka chinali ngati kulira kwa m'mimba. Anzake anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Leka," anatero ba Evaristo. "Menya kamozi."

Du.

"Futi."

Du.

"Ing'ono yayenda kuli mnzako Levy. Koma ng'oma yathu ikulu ikalibe kufika kuchoka ku Lusaka. Iyi yako izagwila nchito yake, uzankhala kumbuyo. Kamozi pa sitepu, osaonjezapo."

Tsiku la ufulu Whiteson anaguba pamzere womaliza, atakukuta mano, akumva Levy kutsogolo akupunthwa pamalo amene iye akanadutsa ali mtulo. Du. Du. Atafika pafupi ndi siteshoni ya sitima anaona ba Lastone atakwera pa diramu, akukoka malaya a munthu wosamudziwa n'komwe.

"Wamvela ija yakumbuyo? Ndine ninakonza!"