Tinalembetsa Anthu Atatu

Nyumba yangayi ili pa malo a boma, kuseri kwa njanji yakale, ndipo sindibisa. Malemu bambo a ana anaumba okha njerwa, zaka makumi atatu palibe anatifunsapo pepala. Muno timagona anthu khumi ndi anayi: ine, mwana wanga wamakaniko, mkazi wake Amake Mapasa ndi ana awo asanu, mwana wanga wamkazi amene anathawa ku banja ndi ana anayi komanso dzino lothyoka, kuwonjezapo mchimwene wa Amake Mapasa amene anabwera kudzacheza sabata imodzi, pano chaka chachitatu.

Chaka cha kalembera kunamveka nkhani pampopi yoti nyumba za anthu ambiri ndi zimene boma liyambe kugwetsa. Anabwera nayo ndi Amake Mapasa, pamodzi ndi ndowa. Tsiku lowerenga anthu litafika, loko ndinakhoma ndine, ndikuvomera. Anthu khumi ndi mmodzi ndinawatsekera kuchipinda chakuseri, ndinauza mapasa kuti amene akhosomole sadya.

Mayi wa kalembera anakhala pakhonde n'kufunsa kuti tilipo angati.

"Atatu," ndinatero.

Anayang'ana mulu wa nsapato pakhomo. "Nanga zonsezi?"

"Timagulitsa," anatero Amake Mapasa, diso osaphethira. Tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kumukonda.

Mzere wathu wonse unatengera pa ife, ndipo nkhani inawoloka mpaka kumsika. Chiwerengero chitatuluka anati dera lathu lachepa anthu, silingakhale ndi phungu wakewake. Anatiphatikiza ndi a kumipanda, kutsidya kwa msewu wa phula. Phungu wathu, a Chipewa, analibe ntchito kwenikweni, koma pamaliro ankabwera, ndipo matope a msewu wathu ankawadziwa. Amene tili nawo pano timawatcha a Magalasi. Timangowaona pa chithunzi.

Lachinayi lapitalo masana, aphungu anakambirana za malo athu ku nyumba ya malamulo. Akuti pamangidwe mosungira katundu wa malole. Wamakaniko anathawa kuntchito, manja ali bii ndi oyilo, n'kuika wailesi pawindo. Tonse tinaunjikana pabalaza.

Phungu wina wachizimayi, wa dera lina, anati iye anadutsako kuno ndipo ana ali ngati nyerere. Ndinati mayi ameneyu Mulungu amusunge. Kenako anaimirira a Magalasi.

"Bambo Sipikala, ine sindilankhula za nyerere, ndili ndi chiwerengero m'manja. Mabanja ake ndi a anthu awiri, atatu. Malole asanu awasamutsa onse dzuwa lisanafike pamutu."

Ena anawomba matebulo, ena kuseka. Mwana wanga wamkazi anatembenukira mlamu wake, Amake Mapasa.

"Mwamva, alamu? Nsapato zanu zija zagulidwa."

"Ine ndinangomva pampopi. Wokhoma loko ali pompano."

"Amayi muwasiye. Mukanathamangitsa mchimwene wanuyu tikanachepa ndithu, osanama."

"Iye ali ndi mimba imodzi. Inu munabwera nazo zisanu."

Ndinakoka mpando kuti ndione bwino. Zimenezi ndiye ndimazikonda, ndipo pakazilala ndimadziwa pothira mafuta. Ndinangoti, "Paja safuliya yaikulu ija anabowola ndani?" Zinayakanso. Mchimwene uja anazembera kubafa, wamakaniko akungoti, "Khalani chete ndimve, inu anthu." Pamene tinkakhala chete n'kuti atavota kale. Tinangomva Sipikala akuti ovomera apambana, ndipo banja lililonse lipatsidwa malo kumidadada yatsopano malinga ndi mmene linalembedwera pa kalembera.

Lolemba kunabwera bambo wa kuofesi ya malo ndi chitini cha penti yofiira. Analemba nambala pakhoma limene malemu anapaka laimu ndi manja awo, kenako anatulutsa pepala.

"Nyumba iyi, anthu atatu. Chipinda chimodzi."

Ndinawaitana onse. Ndinawandandalika pakhonde kuyambira wamtali mpaka wamfupi, ngakhale mchimwene uja ndinamukoka kolala.

"Werengani, bambo. Ine sukulu sindinapite koma zala ndili nazo, ndipo sizikukwana."

"Ndikuwaona, agogo. Koma ine sananditume kudzawerenga, anandituma kudzapereka makiyi. Kalembera wina ndi zaka zisanu ndi ziwiri zikubwerazi."

"Ndiye tikadandaule kwa ndani?"

"Kwa phungu wanu."

Anandiika kakiyi m'dzanja, kamodzi, kakang'ono ngati ka sutikesi. Kumidadadako akuti pali mlonda pageti ndi mndandanda wa mayina. Ana asanu a wamakaniko mwina tiwalowetsa mozemba, poti kubisa anthu tinazolowera. Enawo sizingatheke.

Mchimwene uja ananyamuka Lachiwiri osatsanzika. Zaka zitatu ndakhala ndikupempherera tsiku limeneli, koma litafika sindinamve kukoma. Dzulo mwana wanga wamkazi anatulutsa sutikesi yake pansi pa bedi. Akubwerera kwa mwamuna yemwe uja wa dzino, chifukwa ndi yekhayo ali ndi denga lokwana ana anayi. Ndinamuuza kuti asapite. Anandifunsa kuti apite kuti.

Amake Mapasa ndi amene akumuthandiza kupinda zovala. Amupatsanso safuliya ija, ataimata. Ndakhala pampando wanga kuyambira m'mawa, ndayesa kawiri kukumbutsa za sopo amene anasowa chaka chatha, koma palibe wandiyankha.