Firiji ya ku Joni

Esme atatsegula chivundikiro cha firiji, mpweya wofunda unamuwomba kumaso. Mankhwala a shuga a mwamuna wake anali atachita timibulu m'tibotolo, ngati mkaka wosasa.

"A Howard, yazima liti iyi?"

A Howard anangokhala pa chitsa, utuchi uli mbuu m'mutu. Ankagona pamsasa wa ocheka matabwa m'nkhalango ya Viphya, kutali ndi magetsi. Kafiriji aka, ka anthu ogona m'tchire, anatumiza ndi mwana wawo Tumbikani kuchokera ku Joni, pamodzi ndi sola ndi batire, kuti bambo ake azibaya jakisoni osasiya ntchito.

Esme anatsata waya ndi maso. Wa firiji unali lende pa mtengo. Pa batire panali mafoni, ataunjikana ngati tiana ta nkhumba pa bere.

Jonasi, wocheka mnzawo wa ku Ntcheu, anayandikira akukanda m'mutu.

"Mayi, timangobwereka pang'ono masana. Ija imasunga yokha kuzizira."

"Imasunga? Pisani dzanja, a Jonasi. Ndi dzuwa la Okutobala ili, pansi pa lona, mungaphikemo mbatata."

"Ndapota, anyina Tumbikani," anatero a Howard motsitsa. "Tsiku lija ndinagwa ndi chizungulire, anandinyamula ndi awa mpaka kumsewu. Matabwa anga amasenza ndi awa. Mbwenu ndiwakanize kulankhula ndi ana awo?"

"Chifundo chinapha nkhwali," anayankha Esme.

Koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu. Msana unkamupweteka ndi lole ya matabwa imene anakwera pobwera kuchokera kumudzi. Anawayang'ana amuna akewo, masaya atalowa, milomo itauma, ndipo anadziwa kuti akangotembenuka, waya uja auzulanso. A Howard sanakanizepo munthu ngakhale mchere.

M'mawa Esme anakwera lole yomweyo kupita ku Boma. Kuchipatala anaima pamzere, namwino anamukalipira chifukwa cha mankhwala owonongekawo, iye anangoti yewo n'kulandira tibotolo tatsopano. Pamsika anagula mitsuko iwiri, waukulu ndi waung'ono.

Atafika kumsasa anauika waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati pake n'kuthira mchenga wa kumtsinje. Ananyowetsa mchengawo, anaika mankhwala mu waung'onowo, n'kuphimba ndi chitenje chonyowa pamthunzi wa paini.

"Uwu ulibe waya," anauza amuna onse. "Amene watchaja foni, atunge madzi athire apa. Mchengawu ukauma, a Howard ndikuwatenga, matabwa awo mudzadziwa nokha."

Jonasi anatola chidebe n'kutsetserekera kumtsinje.

Firiji ija Esme anaikamo usipa ndi sopo, kuopa makoswe.

Madzulo foni ya a Howard inalira pa batire paja. Anali Tumbikani.

"Amama, firiji ikuzizira bwino?"

Esme anakhudza mtsuko. Unali wozizira ngati mwala wa m'madzi.

"Adada ako abaya jakisoni lero," anatero. "Mawa akupita ku ntchito."