Kapepala m'Wonga

"Kamakina kanuka n'kabodza, a Duane," anatero a Wendell Ostby uku akusuzumira pa manambala. "Munakatola kuti, kudzala?"

A Duane Petrak, mnansi wawo wa kutsidya kwa msewu, anangopsontha khofi. Anali ataimika kamakina kawo koyezera liwiro la chipolopolo kuseri kwa khola la ng'ombe, kutsogolo kwa mulu wa dothi umene a Wendell ankawomberapo pisitolo. Linali Loweruka m'mawa, chisanu chikadali mbuu pa udzu.

"Choyamba chathamanga mafiti 940 pa sekondi, chachiwiri 710, chachitatu 890, ichi 520," anawerenga a Duane. "Zipolopolo zanu zikuyenda ngati ana opita kusukulu, achimwene. Wina akuthamanga, wina akugenda mbalame m'njira."

A Wendell sanaseke. Kwa zaka makumi atatu ankapanga okha zipolopolo m'galaja mwawo: kutsuka makoko amkuwa, kuika kachoyatsira pansi pake, kuthira wonga, n'kukhomera mutu wamtovu pamwamba. Dera lonse linatopa nako kumva kuti palibe chawo ngakhale chimodzi chimene chinakanapo kulira.

"Ndi kuzizira kumeneku," anatero. "Ndingowonjezerako wonga pang'ono basi."

"Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Wombaninso tione."

A Wendell anakweza mfuti nakoka chowombera. M'malo mwa kulira, inangoti phu, ngati munthu watsekula botolo. Dzanja lawo lamanzere linapita lokha kukakoka chitsulo cha pamwamba kuti chipolopolo china chilowe, koma a Duane anataya kapu n'kuwagwira mkono.

"Osawomba! Tsitsani!"

Atachotsa zipolopolo zonse, analowetsa pensulo mumpope wa mfuti. Inalowa theka n'kugunda chinthu cholimba. Mutu wa chipolopolo unali utatsakamira m'katimo. M'khoko lija munalibe wonga, kachoyatsira kokha ndiko kanaukankha. Munthu ukawomba china kumbuyo kwa chotsakamira chotere, mpope umakuphulikira m'manja. Onse awiri ankamudziwa mkulu wina wa m'tauni yemwe amagwira foloko ndi zala ziwiri chifukwa cha zomwezi.

M'galaja anayesa chothirira wonga kakhumi, akuika pa sikelo. Pena chinkathira wokwanira, pena theka, ndipo kawiri sichinathire kanthu. Atakhuthula wonga wonse m'mbale, pansi pa chothiriracho panapezeka kapepala kochepa ngati chikhadabo, kachidutswa ka chomatira cha pakamwa pa chigubu chatsopano cha wonga. Kankatseka njira ya wonga, kenaka n'kusuntha, n'kutsekanso.

"Kodi simusuzumira m'khoko lililonse musanakhomere mutu?" anafunsa a Duane. "Si inu mumatilalikira zimenezi?"

"Kababu kounikira pa makina opangira zipolopolo kanapsa mwezi watha," anayankha a Wendell motsitsa mawu. "Ndimati ndigula."

"Mwapanga zingati?"

"Mabokosi asanu ndi limodzi, Lamulungu."

Pa shelefu panali atatu. Lachinayi linali panja paja. A Wendell anayang'ana malo opanda kanthu pamene panayenera kukhala ena awiri. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Marcy, dokotala wa ziweto, anabwera Lachitatu kudzaona ng'ombe yodwala. Pochoka anamunyamulitsa okha mabokosi awiri, namuuza kuti asamataye ndalama pa za kusitolo. Lero anali ku mpikisano wowomba mbale zachitsulo, ku dzenje lakale la miyala.

"Amayamba nthawi yanji?" anafunsa a Duane.

"Teni."

Wotchi ya pakhoma inali itapitirira teni ndi mphindi zisanu. Anaimba foni katatu, koma kudzenjeko netiweki siifika, aliyense amadziwa zimenezo.

A Duane ndiwo anayendetsa pikapu. Anali mamailosi khumi ndi anayi a msewu wa miyala. Galimoto inkavina pa mabampu, fumbi kumbuyo koboo, koma kwa a Wendell inkangokhala ngati yaima. Maso awo anali pa wotchi basi.

Chomwe chinkawadya kwambiri chinali chiphunzitso chawo chomwe. Pa mpikisano munthu amawomba mothamangitsana ndi wotchi, makutu atatseka, ndipo kaphokoso ka phu sikamveka. Kuyambira Marcy ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, iwo ankamukalipira kuti mfuti ikakana asaime ngati chitsa, akoke chitsulo n'kuwombanso. Mwanayo anamvera, ndipo ankachita zimenezo mwachangu kuposa amuna onse a m'kalabu.

"Manja ajatu ndiwo khasu lake," anatero a Wendell, akudzilankhulira okha. "Ndi amene amatulutsira ana a ng'ombe."

"Tifika, achimwene," anayankha a Duane, koma nthabwala zinali zitawathera.

Asanaone n'komwe anthu, anamva kulira kwa mbale: ngwe, ngwe, ngwe. A Wendell anatsika galimoto isanaime bwino, n'kuiwala kuti ali ndi bondo lovuta. Anthu ngati makumi awiri anali ataima kuseri kwa chingwe, ndipo pamzere wowombera panali Marcy, chipewa chobiriwira kumutu, woyang'anira mpikisano ali kumbuyo kwake ndi wotchi. Lamulo limalola aliyense kuimitsa kuwomba akaona ngozi. Koma ambiri mwa anthu awa anaphunzira kupanga zipolopolo m'galaja mwa a Wendell, ndipo kwa kamphindi manyazi anawaletsa kukuwa. Wotchi inalira kuti ayambe. Marcy anawomba kawiri.

"Imani! Imani! Marcy, ima!"

Woyang'anira anakuwa naye, Marcy n'kuchotsa chala. Anatulutsa magazini, kabokosi kosungira zipolopolo m'mfuti, ndi chipolopolo cha m'kati monga mwa lamulo, kenaka anatembenuka, nkhope itafiira.

"Adadi, mwatani kodi? Ndimatsogolatu! Kwagwanji kunyumba?"

"Zipolopolo zangazo n'zoipa," anatero a Wendell, wefuwefu. Anatembenukira gulu lonse n'kubwereza mokweza. "Ndalakwitsa. Zina zilibe wonga."

"Ndawomba makumi atatu, zonse zalira," anatero Marcy. "Zina zofooka pang'ono, koma zalira."

"Madala ayamba kulota masana," wina ananong'ona, anzake n'kuseka chamumtima.

A Duane sanatsutsane ndi munthu. Anatsitsa chitseko cha kumbuyo kwa pikapu, natenga pulayala, nayala zipolopolo za m'magazini a Marcy motsatana monga zinalili. Anayamba ndi chimene chinali m'kati mwa mfuti. Atazula mutu n'kupendeketsa khoko, wonga unakhuthukira pa chitsulo. Chachiwiri chimodzimodzi.

"Mwaonatu," anatero Marcy.

Chachitatu anachipendeketsa, osagwa kanthu. Anachigogoda, nachiyang'anitsa kudzuwa. Munali mbee. A Duane anazula chachinayi, chomwe chinali chodzaza bwinobwino.

Marcy anakhala pansi, natsamira tayala la galimoto. Anavula zotsekera m'makutu pang'onopang'ono.

"Ndikanakoka n'kuwombanso," anatero. "Monga munandiphunzitsira."

"Ndikudziwa, mwanawe."

Woyang'anira anafunsa ngati pali wina amene analandirako zipolopolo za Lamulunguzo. Panalibe. A Wendell anatenga mabokosi awiri aja, nalembapo mtanda waukulu ndi cholembera cha woyang'anirayo.

"Zonse ndikazula, chimodzichimodzi," anatero. "Ndipo makina aja sindiwagwiranso popanda wina wondiyang'anira m'makoko. A Duane, mukafuna kundiseka, muzibwera kudzasekera konko."

"Ndibwera ndi babu," anayankha a Duane.

Kenaka a Wendell anagwada pa miyala, bondo likulira, natenga dzanja lamanja la mwana wawo. Marcy anafuna kulichotsa poti anthu ankayang'ana, koma ataona nkhope ya bambo ake, analisiya. Anagwira chala chachikulu, kenaka chamkombaphala, mpaka kakang'ono, akuwerenga chapansipansi monga anachitira kuchipatala tsiku limene mwanayo anabadwa. Atafika pa zisanu, anayambiranso.